Mpando umene unapita ku maliro

Bambo anga anasiya kupita ku mzikiti chaka chimene madzi a Bua anadzaza msanga n'kumiza nazale za mpunga. Sanakangane ndi shehe, ndipo chikhulupiriro chawo sichinagwedezeke. Chimene chinachitika n'chakuti Lachisanu lina, pa swala ya Ijumaa, anagwetsa chipumi pansi pamodzi ndi anzawo onse, koma pamene mzere wonse unaimirira, iwo anatsala chogwada. Maondo anakana. Amuna awiri amene anayandikana nawo anawagwira m'khwapa n'kuwaimiritsa, mokoma mtima ndithu, ndipo palibe amene anaseka. Kukoma mtima kumeneko n'kumene kunawapweteka kwambiri.

Iwo anali munthu wa mzere woyamba. Malo awo anali kumbuyo kwenikweni kwa shehe, ndipo anayamba kuima pamenepo ine ndisanabadwe. Shehe ataona kuti Lachisanu ladutsa kangapo osawaona, anabwera kunyumba. Anawakumbutsa kuti munthu amene thupi lamukana amaloledwa kuswali atakhala pampando, ndiponso kuti mphepete mwa khoma la mzikiti muli mipando ya anthu otero.

"Ndikudziwa, shehe," bambo anayankha. "Lamulolo ndinaphunzitsapo anthu ena ine ndemwe. Koma chipumi changachi chinazolowera pansi."

Kuyambira pamenepo ankaswali m'chipinda, atakhala m'mphepete mwa bedi, chitseko chili chotseka. Lachisanu masana azana yoitanira anthu ku swala ikamveka, ankakweza wailesi.

Ine ndine mwana woyamba, ndipo ndimagwira ntchito ku fakitale ya shuga ku Dwangwa. Ndinachita zimene mwana wamwamuna wolandira malipiro amachita akasowa chochita: ndinagula chinthu. Ndinapita kwa kalipentala n'kupangitsa mpando wautali bwino, wa mikono, wokhala ndi khushoni, woti munthu akafuna kudzuka angodzikankha pang'ono ndi manja. Ndinayenda nawo pa minibasi, kondakitala akudandaula njira yonse kuti watenga malo a anthu awiri. Bambo anaukonda. Ankaukhalira pakhonde kuyambira m'mawa, ndipo tonse pakhomo tinkapikisana kuwatumikira. Madzi akumwa ankawapeza pomwepo, wailesi pomwepo, nsapato pomwepo. Kwathu mwana woleredwa bwino saonerera bambo ake akudzuka kukatenga chinthu iye ali chikhalire. Ndinkanyadira mpando umenewo, sindibisa.

Mpunga utakololedwa, alangizi a zaumoyo analengeza kuti kubwera anthu a ku yunivesite, ndipo okalamba onse ofuna akafike kuchipatala chathu chaching'ono. Ankachita kafukufuku wofuna kudziwa chimene chimathandiza anthu okalamba kuti miyendo ikhalebe yolimba, asamagwegwe. Nkhaniyo pofika m'mudzi inali itavala kale zovala zina. Ena anamva kuti kugawidwa mabulangete, ena mankhwala a nyamakazi. Tsiku lake ndinaona azibambo amene amaweramira m'munda wa mpunga mpaka dzuwa paliwombo akubwera motsimphina, ndodo zobwereka zili m'manja.

Bambo anga analakwitsa mbali inayo. Kwa iwo, awa anali alendo ochokera kutali, ndipo mlendo suonekera kwa iye uli wofooka. Anavala mkanjo woyera ndi mzuli, ndodo yawo anaisiya kuseri kwa chitseko. Ndinawakweza pa kabaza, koma anatsika tisanafike, kuti alowe pa geti akuyenda okha. Amayi ankabwera pambuyo pathu akung'ung'udza za fumbi.

Amene anatilandira anali mtsikana wa msinkhu wa mlongo wanga wotsiriza, wolankhula Chichewa cha kum'mwera, wofatsa. Anawapatsa bambo kachipangizo kofinya m'dzanja, anawayendetsa mpaka pa mzere wojambulidwa pansi, kenako anawakhazika pampando wa pulasitiki n'kuwapempha kuti apinde manja pachifuwa, adzuke ndi kukhala kangapo. Bambo analuma mano n'kuchita zonsezo. Ine ndinkaona mitsempha ya m'khosi itatuluka, koma mtsikanayo ankayang'ana miyendo.

"Agogo, munagwapo chaka chino?" anafunsa.

"Ayi."

"Nanga pali chinthu chimene mumafuna kuchita koma thupi limakukanizani?"

"Alhamdulillah, mwanangu, palibe."

Ndinatsegula pakamwa. Bambo anangonditembenukira pang'ono, ine n'kutseka. Munthu sutsutsa bambo ako pamaso pa alendo, ngakhale uli ndi ana ako.

Amayi itafika nthawi yawo, anayambira pakhosi n'kutsika nawo matenda mpaka kuchidendene, osadumpha ngakhale fupa limodzi. Mtsikana uja analemba mpaka anagwedeza dzanja. Mapeto ake, amayi amene ankasenzabe ndowa kuchokera ku mjigo anaikidwa m'gulu la okalamba oti azikumana pansi pa mtengo wa mango pachipatala kukachita masewera olimbitsa miyendo. Bambo anayamikiridwa kuti ndi olimba, apitirize momwe amachitira, adzawaonanso kafukufuku akamatha. Anabwerera kunyumba mutu uli m'mwamba, ndipo anagona pabedi masiku otsatira osatha kupinda bondo.

Amayi atawauza kuti apite nawo akangoonerera, iwo anati, "Ine ndikavine pansi pa mtengo ngati mwana wa sukulu? Pitani nokha, mukatiuze ngati kuli mayeso."

Inali nyengo yodula nzimbe, ntchito ku fakitale inali pakhosi, moti ndinatenga nthawi osabwera kumudzi. Nditabwera, ndinapeza bambo atakhala pa benchi yakale imene tinkaikapo zidebe. Mpando wanga kunalibe.

"Unapita ku maliro," amayi anatero, osakweza mutu. Kumudzi woyandikana nawo kunagwa zovuta, ndipo monga mwa nthawi zonse anthu anayenda m'makomo kubwereka mipando.

"Koma malirowo anaika kale," ndinatero. "Ndikautenge."

"Anthu ali pachisoni, iwe ukaime pakhomo pawo kufunsa mpando? Ndinakulera choncho ine?"

Pamenepo anandigwira pabwino. Koma zimene ndinaona tsiku limenelo zinandiwawa kuposa mpando. Amayi anali atatambalala pamphasa akusenda chinangwa chimene anavuula m'mawa, ndipo mosakweza ngakhale mawu anati, "Inu, tandipatsireni lichero." Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna mwana amene akumutuma. Panalibe mwana. Bambo anagwira m'mphepete mwa benchi, anadzuka pang'onopang'ono, n'kukatenga lichero pakhoma. Atangokhala, amayi anakumbukira mpeni wina umene unali pazenera. Atabwera nawo, kunali nkhuku zimene zinkajompha chinangwa pathandala. Apo ndinadumpha ine.

"Ndatuma iwe?" amayi anafunsa.

Bambo anadzukanso, n'kukaingitsa nkhukuzo.

Ndinakwiya kwambiri, ndipo ndinabwerera ku Dwangwa mtima uli kuwira. Makolo angawa ndinakula ndikuwaona: amayi sankapereka madzi kwa bambo ali chiimire. Tsopano ukalamba womwewu ndi umene ayambe kuwatuma ngati wantchito? Sindinali ndekha woona zimenezi. Ku mjigo anthu ankanong'onezana kuti amayi awadyetsa bambo khuzumule, mankhwala aja amati amapusitsa mwamuna, ndipo ankadabwa kuti nanga anadikiriranji zaka zonsezi.

Ulendo wotsatira ndinapeza benchi nayonso kulibe. Akuti mwendo wake unathyoka. Bambo anali atakhala pa mtondo wakale wogonekedwa cham'mbali, pafupi ndi nsanamira ya khonde, maondo atakwera m'mwamba. Apa sindinapirire. Ndinadikira amayi atanyamula ndowa, n'kuwatsatira pa njira ya ku mjigo.

"Amayi, bambo anakulakwirani chiyani?"

"Zambiri. Ukufuna ndiyambire chaka chiti?"

"Sindikuseka ine. Munthu wodwala maondo mukumukhazika pa mtondo, mukumutuma tsiku lonse. Anthu akukunenani."

Anatula ndowa pansi n'kundiyang'ana monga ankachitira ndili mwana ndikabwera ndi malaya ong'ambika.

"Mpando wako uli kwa azakhali ako, ndinauphimba ndi chitenje. Sunakandike paliponse. Benchi ili kuseri kwa nkhokwe, miyendo yake yonse ilipo."

Kenako anandiuza zonse. Tsiku lina masewera atatha pansi pa mango paja, anatsalira n'kumuuza mtsikana wa ku yunivesite nkhani ya Lachisanu lija, imene bambo anabisa. Mtsikanayo anadandaula. Anati sangawalowetse m'gulu chifukwa magulu anali atatsekedwa kale, ndipo kuwonjezera munthu pakati kukanasokoneza kafukufuku. Koma anati palibe lamulo loletsa mayi kukachita kunyumba zimene waphunzira. Anafunsa ngati maondowo amatupa, ngati anakawaonetsa kuchipatala, kenako anafotokoza kuti miyendo imene siidzuka imaiwala kudzuka, ndipo mpando wabwino kwambiri umaithandiza kuiwalako. Anati pokhalira pazitsika pang'onopang'ono, pafupi pazikhala chinthu cholimba chogwira, ndipo ululu ukabaya kapena bondo likatupa, asiye apite kuchipatala. Pomaliza anagwada yekha pa fumbi ndi buluku lake labwinolo, n'kuwaonetsa amayi kadzukidwe kochokera pansi: phazi limodzi kutsogolo, manja onse pa bondo limenelo, kenako kukankha.

"Ndiye bwanji osangowauza bambo?" ndinafunsa.

"Bambo akowo? Ndikawauze kuti mwana wa sukulu wati azichita masewera? Ndinakwatiwa nawo iwe kulibe. Mankhwala akawadziwa kuti ndi mankhwala samwa. Koma sanandikanepo ndikawapempha chinthu, chifukwa sindinkawapempha."

"Nanga zonena anthu?"

"Anene. Iwo sakumva wailesi ikukwezedwa Lachisanu. Ine ndimaimva."

Anasenza ndowa yawo n'kupitiriza ulendo, ine n'kutsala panjira ndi manyazi osakanikirana ndi chisoni. Mpando wanga uja ndinkauganizirabe, chifukwa ndinaugula ndi mtima wonse.

M'mawa mwake ndinaona mbali ina ya ntchitoyo. Amayi anayala mphasa patsogolo penipeni pa bambo, nati akuchita zimene awapatsa kusukulu kwawo. Anagwada, n'kumalankhula mokweza ngati akudzikumbutsa: "Phazi kutsogolo. Manja pabondo. Kankha." Anadzuka, anagwadanso, anabwereza mawu omwewo.

"Ana a ku yunivesite akuphunzitsani kukwawa," bambo anatero. "Chaka chamawa muyamba kuyenda."

"Mwina ndidzamera ndi mano omwe," amayi anayankha. "Phazi kutsogolo."

Bambo anaseka n'kuyang'ana kumbali, koma maso awo ankabwerera pa phazi lija.

Mtima wanga sunakhazikike, choncho tsiku la masewera ndinaperekeza amayi kuti ndikamuone mtsikanayo. Pansi pa mango panali okalamba ambiri ndithu, akudzuka ndi kukhala motsatira nyimbo imene anapeka okha. Aja anabwera ndi ndodo zobwereka ena anasiya atazindikira kuti mabulangete kulibe, ena anatsala chifukwa cha macheza. Ndinamufunsa mtsikanayo mosazungulira ngati bambo adzathenso kudzuka pansi okha.

"Sindingakulonjezeni, achimwene," anatero. "Tikanakhala kuti tikudziwa zonse, sitikanabwera kudzafufuza. Ena amabwerera, ena ayi. Chimene ndingakupempheni n'chakuti akamadzuka mukhale pafupi, koma musafulumire kuwagwira." Anaseka pang'ono. "Agogo anga kwathu timawachitiranso zomwezo, timawalanda ndi kapu yomwe m'manja. Ndikapita kutchuthi ndimakangana ndi mayi anga."

Ndinamukonda chifukwa chosandinamiza. Koma zimene anandipemphazo zinali zovuta kuposa ntchito iliyonse ya ku fakitale. Kuona bambo ako akulimbana ndi thupi lawo, akupuma movutikira, iwe manja ali bwinobwino koma wawapanira pakati pa maondo, ndi chinthu chowawa. Kangapo ndinazungulira kuseri kwa nyumba kuti ndisaone. Mlendo akabwera n'kupeza zimenezo, ankandiyang'ana ngati mwana wopanda mwambo, ine n'kungoweramitsa mutu.

Mtondo unalowedwa m'malo ndi chipika chachifupi. Chifukwa chimene amayi anapereka ndaiwala, mwina anati akufuna kusinja. Sabata ina bondo linatupa ndipo zonse zinaima. Amayi anabweza mtondo uja mwakachetechete, anapita nawo bambo kuchipatala, ndipo lichero anadzitengera okha mpaka kutupako kunatha. Pamene mango ankayamba kupsa, ndinapeza bambo atakhala pamphasa, msana atatsamira nsanamira, akuluka ukonde wa mnzawo wina umene unang'ambika. Nthawi yotsanzikana itakwana sanakweze maso pa ukondewo.

"Lachisanu likubwerali upemphe tchuthi," anatero.

Sindinafunse chifukwa chake.

Tsikulo anavala mkanjo woyera womwe uja. Ndodo anaitenga, koma kabaza anakana. Tinayenda pang'onopang'ono m'mphepete mwa minda ya chinangwa, kunja kukutentha kuja kotsogolera mvula. Tili pafupi kufika anaima ngati akupuma.

"Ukaime pafupi ndi ine," anatero. "Koma manja ako akhale ako."

Ku mzikiti anthu anawalandira ndi moni wambiri, ena mopitirira muyeso. Munthu wina anathamangira kukapukuta mpando wa mphepete mwa khoma, koma bambo anadutsa ngati sanauone. A mzere woyamba anayang'anana, kenako anasunthirana, malo aja kumbuyo kwa shehe n'kutseguka. Tinakhala pansi kumvera ulaliki. Sindikukumbukira ngakhale liwu limodzi la ulaliki umenewo. Utatsala pang'ono kutha, bambo anayamba kudzuka anzawo asanayambe, mosafulumira, ndipo zinatheka. Koma kudzuka kumeneko munthu amadzisankhira nthawi, sikumene ankaopa.

Swala ya Ijumaa ili ndi zigawo ziwiri. Pakutha pa chigawo choyamba anthu amachoka chipumi chili pansi n'kuimirira onse pamodzi, ndipo chachiwiri chimathera chokhala. Ndiye kuti kudzuka kwenikweni ndi kumodzi kokha, kuja kunawakana.

Tinawerama, tinaweramuka, tinapita pansi. Ndinamva maondo awo akufika pa mkeka, limodzi kenako linzake, ndipo chipumi chawo chitagunda pansi anatulutsa mpweya wautali umene ndinaumva m'phewa langa. Shehe ananena Allahu akbar, mzere wonse unaimirira, nanenso ndinaimirira. Bambo anatsala.

Pa swala munthu sulankhula ndipo sucheuka. Maso anga anali pa mkeka, koma ndinkaona zonse ndi m'mbali mwa diso. Phazi lawo lamanja linabwera kutsogolo, linakodwa mu mkanjo, n'kubwerera. Munthu amene anaima mbali inayo, mmodzi wa awiri aja anawadzutsa tsiku lija, anayamba kupendekera kwa iwo, dzanja litatambasuka kale. Sindikanatha kumuletsa. Ndinangoima njo, manja ali pamimba, ndipo mwina anaona kuti mwana wawo weniweni sakusuntha, chifukwa dzanja lake linaima panjira. Mumtima ndinkanena mawu amene sali m'buku lililonse la swala: phazi kutsogolo, manja pabondo.

Bambo anakoka mkanjo pang'ono. Phazi linabweranso, ulendo uno linaponda. Manja onse anafika pabondo. Anakankha, thupi linanjenjemera, linakwera theka n'kuima pamenepo kwa kanthawi kamene kwa ine kanatalika kwambiri, kenako phewa lawo linafika pa langa.

Shehe anali asanayambe kuwerenga. Iye amaima kutsogolo, sakanatha kuona zakumbuyo kwake. Mwina anangopuma motalikirapo tsiku limenelo. Sindinamufunsepo.

Sikuti bambo anabwerera ku unyamata. Anaswali pa mzere woyamba dzinja lonse limenelo ndi Ramadani yotsatira, kenako thupi linapitiriza ulendo wake. Nthawi itakwana anapempha okha mpando wa mphepete mwa khoma, ndipo anaukhalira popanda kudandaula, Lachisanu lililonse, osajomba. A ku yunivesite aja atabwera kudzayezanso okalamba, mtsikana uja anawafunsa funso lake lija, ngati pali chimene thupi likuwakaniza. Anayankha chimodzimodzi, kuti palibe, ndipo tsiku limenelo sindinatsegule pakamwa.

Koma ndibwerere ku Lachisanu lija. Tinayenda ulendo wobwerera osalankhulana zambiri, iwo akungonena za mitambo ndi mbewu ya mpunga. Pachipumi pawo panali patadinda mizere ya mkeka, ndipo sanaipukute. Kunyumba tinapeza amayi atatambalala pamphasa akusenda chinangwa, ngakhale chimene anali atasenda chinali chochepa moti ndinadziwa kuti manja awo sanagwire ntchito tsiku limenelo. Anayang'ana bambo pankhope, pachipumi paja, kenako anabweza maso pa mpeni.

Bambo anatsamiritsa ndodo pakhoma n'kukhala pamphasa pafupi ndi nsanamira yawo.

"Inu," amayi anatero, "tandipatsireni lichero."

Bambo anayang'ana lichero pakhoma paja.

"Lichero limeneli ndalitenga miyezi yonseyi," anatero, "koma sindinakuonenipo mukupetera kanthu. Ndipo mukawauze azakhali a mwanayu abweze mpando wake. Maliro aja anatha kalekale."

Mpeni wa amayi unaima pakati pa chinangwa.

Bambo anaika phazi kutsogolo, manja pabondo, anadzuka, n'kukawatengera licherolo.